Kwa Naphiri, usanayambe kusainira makoma otchinga madzi

Wokondedwa Naphiri, mwana wanga,

Mayi ako akupereka moni, ndipo akuti ntchito yatsopanoyo isakuiwalitse kudya. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija. Tonse kuno tasangalala kuti akulemba ntchito ya uinjiniya, ndiponso kuti gawo lako likhala loyang'anira makontilakitala omanga ngalande ndi makoma otchinga madzi. Koma pali mawu amene unayankhula tsiku lija ukukangana ndi mlongo wako za namondwe wa Freddy. Iye ankati boma ndilo linapha anthu ku Chilobwe, iwe n'kumati boma silingagwire mphepo ndi manja. Ndinakhala chete poti nsima inali itafika kale. Lero ndikuyankha, ndipo ndalola kuti ena awerenge nawo, chifukwa si iwe wekha amene ukulowa ntchito yovomereza makoma amene anthu azigona kuseri kwake.

Za Freddy sindikamba zambiri. Bala limenelo likadali laliwisi, ndipo tikangoliyamba aliyense amathamangira kuchipani chake. Ndikamba za Katrina, namondwe amene anagunda mzinda wa New Orleans ku America pa 29 Ogasiti 2005. Kumeneko zinthu zinafufuzidwa poyera. Aphungu anaitanitsa akuluakulu kuti adzayankhe mafunso, maimelo awo anatulutsidwa, mainjiniya anakumba pansi pa makoma amene anagwa. Munthu ukhoza kuutsata mlanduwo phazi ndi phazi, ndipo ukautsata bwino umakafika pa desiki yonga yakoyo.

Mzinda wa New Orleans uli ngati mbale. Mbali ina kuli mtsinje wa Mississippi, mbali inayo kuli nyanja ya Pontchartrain, ndipo pafupifupi theka la mzindawo ndi lotsika kuposa madzi a m'nyanja yamchere. Mvula ikagwa madzi satuluka okha. Amachita kuwapopa ndi makina n'kuwatayira m'ngalande zikuluzikulu zolowera kunyanja. M'mbali mwa ngalandezo anaunda milu ya dothi, pamwamba pake n'kuimikapo makoma a simenti. Mu 1965, namondwe wina wotchedwa Betsy atamiza mbali ya mzindawo, nyumba ya malamulo inapereka ntchito yomanga chitetezo chimenechi kwa gulu la mainjiniya a asilikali, la Army Corps of Engineers. Ankati itenga zaka pafupifupi 13. Katrina anabwera patatha zaka 40, ntchito isanathe.

Palibe wamkulu aliyense amene anganene moona kuti anadzidzimuka. Mu 2002 nyuzipepala ya mumzindamo, The Times-Picayune, inalemba nkhani zotsatizana zofotokoza mmene mzindawo ungamirire. Mu Julayi 2004 akuluakulu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anasonkhana ku Baton Rouge, likulu la Louisiana, n'kuyeserera namondwe wongopeka amene anamutcha Pam, ndipo zimene analemba pa mapepala awo zinali madzi mumzinda monse ndi anthu miyandamiyanda osowa pothawira. Loweruka pa 27 Ogasiti, Max Mayfield, mkulu wa likulu lolondola anamondwe, anachita kuimba yekha foni kwa bwanamkubwa wa Louisiana, Kathleen Blanco, ndi kwa mfumu ya mzinda, Ray Nagin, kuwauza kuti uyu si wamasewera.

Nagin analamula kuti aliyense atuluke mumzinda Lamulungu m'mawa, patangotsala maola osakwana 24. Tisamunamizire: anthu ambiri anatulukadi, pafupifupi 80 mwa 100 alionse. Koma lamulo lakuti "tulukani" limamveka kwa amene ali ndi galimoto, ndipo mumzindamo banja limodzi mwa anayi linalibe. Linalinso tsiku la 28, ndipo iwe ukudziwa mmene thumba limakhalira pa 28. Mabasi a sukulu ambirimbiri anangoima pamalo ake oimikapo mpaka madzi anawamiza. Chithunzi chake chinazungulira dziko lonse: madenga achikasu ali ndandanda m'madzi akuda.

Lolemba m'mawa namondweyo anafika atafookako, ndipo pakati pake panadutsa cha kum'mawa kwa mzinda. Ena anayamba kupuma kuti zapita. Koma makoma anagumuka m'malo oposa 50, ndipo pofika Lachitatu magawo 80 mwa 100 a mzindawo anali m'madzi. Anthu anakwera m'kati mwa denga. Amene anali ndi nkhwangwa anaboola n'kutulukira pamwamba. Amene analibe, ena anafera momwemo ndi kutentha. Bwalo la masewero la Superdome linadzaza ndi anthu oposa 20,000, magetsi atazima, zimbudzi zitasefukira. Enanso pafupifupi 20,000 anakaunjikana pa holo yaikulu ya misonkhano, Convention Center, pomwe panalibe chakudya, madzi kapena woyang'anira. Panja pa holoyo gogo wina anamwalirira pa njinga yake ya olumala, anthu n'kungomufunditsa bulangete, ndipo thupi lake linakhala pomwepo masiku. Kwa zaka zambiri ankati omwalira onse ndi 1,833. Mu 2023 akatswiri a boma anawerenganso n'kupeza 1,392. Ku Louisiana pafupifupi theka la omwalirawo anali a zaka 75 kapena kuposa.

Tsono taona mmene akuluakulu anaponyerana Chichewa anthu ali pa madenga. Ku America mphamvu zili pa misinkhu itatu: mzinda, chigawo chonga Louisiana chomwe chili ndi boma lakelake, ndi boma lalikulu la ku Washington. Pa ngozi, mzinda ndiwo umayamba, ukalephera umapempha chigawo, chigawo chikalephera chimapempha Washington. Pa pepala n'zomveka. M'madzi zinasanduka mpata wakuti aliyense azidikira mnzake. Blanco ankati Lolemba lomwelo anauza Pulezidenti George W. Bush kuti atumize chilichonse chimene ali nacho. A ku Washington ankati pempholo silinatchule mwatchutchutchu zimene ankafuna. Lachinayi usiku Nagin anakalipa pa wailesi mpaka kutukwana, kufunsa kuti thandizo lili kuti. Lachisanu, Bush ndi Blanco anali m'ndege ya pulezidenti pa bwalo la ndege la mzindawo akukangana zakuti ndani azilamula asilikali a chigawo, a National Guard, pomwe asilikali ena amenewo, pafupifupi 3,000, anali kunkhondo ku Iraq.

Bungwe loona za ngozi la boma lalikulu limatchedwa FEMA. Mu 2003 analilowetsa mu unduna watsopano wa chitetezo cha m'dziko, umene maso ake anali pa zigawenga, ndipo anthu ambiri odziwa ntchito anachokamo. Mkulu wake pa nthawi ya Katrina anali Michael Brown, loya amene asanalowe m'boma anakhala zaka zambiri akuyang'anira oweruza mipikisano ya mahatchi. Bungweli linali ndi munthu wake mumzindamo, Marty Bahamonde. Lolemba madzulo iye anakwera helikopita, anaona ndi maso ake khoma litang'ambika, n'kudziwitsa mabwana ake. Uthengawo unafika ku White House usiku womwewo. Komabe m'mawa mwake nduna ya unduna uja, Michael Chertoff, inanyamuka kupita ku Atlanta ku msonkhano wa chimfine cha mbalame. Lachitatu Bahamonde analembera Brown kuti zinthu ku Superdome zafika posauzana. Tsiku lomwelo mneneri wa Brown ankalemba imelo yodandaula kuti bwana apatsidwe nthawi yokwanira yodyera chakudya chamadzulo ku Baton Rouge. Lachinayi Brown anauza atolankhani kuti boma langodziwa kumene za anthu a ku Convention Center, pamene wina aliyense wokhala ndi TV anali atawaona kale.

Bush naye anali kutchuthi ku famu yake ku Texas. Lachiwiri anajambulidwa ku California atanyamula gitala amene anam'patsa. Lachitatu anadutsa pamwamba pa mzinda womirawo pandege, akusuzumira pawindo. Lachinayi ananena pa TV kuti sakuganiza kuti pali amene ankayembekezera kuti makoma angagumuke. Lachisanu, ali mumzinda wa Mobile, anayamikira Brown pamaso pa makamera kuti akugwira ntchito yotamandika. Patatha masiku khumi Brown anatula pansi udindo, ndipo m'mawa mwake, pa 13 Seputembala, Bush anati pamene boma lalikulu silinachite bwino, mlandu akuusenza ndi iye. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ndikuvomereza kuti anachita bwino kunena choncho. Koma kusenza mlandu kumene sikukuchotsera kanthu, ngakhale tsiku limodzi la malipiro, n'kopepuka kwambiri.

Brown analakwa, ndipo sindikumuikira kumbuyo. Koma dziko litapeza nkhope yoti liikwiyire, linakhuta msanga. Mu Malichi 2006 kunatuluka kanema wa msonkhano wa Lamulungu lija, namondwe asanafike. Mmenemo Brown yemweyo akumveka akuchenjeza kuti uyu ndi wamkulu, akudera nkhawa denga la Superdome ndi kuchepa kwa magulu a zachipatala. Pulezidenti akumvetsera ali ku famu, osafunsa funso ndi limodzi lomwe, n'kungotsimikizira onse kuti boma lakonzeka. Komiti ya aphungu, ambiri mwa iwo a chipani cha Bush chomwe, inatulutsa lipoti mu Febuluwale 2006 lodzudzula misinkhu yonse itatu. Ndipo ngakhale Brown akanakhala katswiri woposa onse, akanangofulumiza madzi akumwa ndi mabasi. Sakanaletsa mzinda kumira. Amene anaumiza anali ena.

Apa ndipo ndikufuna uwerenge pang'onopang'ono, poti ndi nkhani ya ntchito yako ndipo uimva kuposa ine. Miyezi yoyamba a Corps ankati namondweyo anangokula kuposa mmene makoma anakonzedwera, madzi n'kudutsa pamwamba. M'malo ena zinalidi choncho. Koma pa ngalande ya 17th Street ndi ya London Avenue, zimene zinamiza pakati pa mzinda, madzi sanafike n'komwe pamwamba pa khoma. Makomawo anagwa madzi akadali pansi pa msinkhu umene anawamangira. Khoma la simenti limaima pa zitsulo zokhomedwa m'nthaka, ndipo zitsulozo zinali zazifupi. Pansi pa 17th Street panali dothi lofewa limene owerengera analiyesa lolimba kuposa mmene linalili. Ku London Avenue kunali mchenga umene madzi anadutsamo mosavuta. Madzi atakwera, khoma linapendekeka pang'ono, pakati pa chitsulo ndi dothi panatseguka mpata, madzi analowa mumpatamo n'kukankha mulu wonse. M'ma 1980 a Corps anayesapo khoma la mtundu womwewo, koma zotsatira zake anaziwerenga molakwika, n'kuganiza kuti zitsulo zazifupi zikwanira ndipo ndalama zipulumuka. M'malo ena makoma anali otsika kuposa mmene mapulani ankanenera, chifukwa nthaka ya kumeneko imatitimira chaka ndi chaka ndipo omanga ankayezera pa muyeso wakale.

Panalinso oyendera. Chaka chilichonse akuluakulu a komiti ya makomawo pamodzi ndi a Corps ankawayendera, koma kunali kungodutsa pagalimoto maola ochepa kuti nthawi ya nkhomaliro iwapeze ali kumalo odyera. Ndiye pali ichi, chimene chimandisowetsa tulo ndikaganiza za iwe. Kutatsala miyezi ingapo kuti Katrina abwere, anthu okhala m'mphepete mwa ngalande ya 17th Street anaona madzi akutuluka pansi n'kudikha pabwalo la nyumba zawo. Anakanena ku bungwe la madzi la mzindawo. Anthu anabwera, anaona, anapita. Uthengawo sunafike kwa eni khoma. Khomalo linadzang'ambika m'dera lomwelo.

Pa 1 Juni 2006 mkulu wa Corps, Carl Strock, anaima poyera n'kuvomera kuti ntchito yawo inalephera, potulutsa lipoti la masamba oposa 6,000. Chaka chotsatira bungwe la mainjiniya a ku America linati makoma akanapanda kugumuka ndipo mapampu akanagwira ntchito, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse amene anafa sakanafa. Ndiye ukati boma silingagwire mphepo, ukunena zoona, koma ambiri mwa anthu aja sinawaphe mphepo. Anawapha ndi masamu amene wina anawerengera, wina anaona n'kuvomereza, wina n'kusainira kuti ndalama zituluke, zaka zambiri m'mbuyomo, tsiku lopanda ngakhale kamtambo.

Ufunsa kuti nanga analangidwa ndani. Anthu zikwizikwi anasumira Corps. Mu Januwale 2008 jaji Stanwood Duval analemba chigamulo chodzudzula a Corps mosabisa mawu, koma anathetsa mlanduwo chifukwa lamulo la 1928 limati boma silingalipitsidwe pa zowonongeka ndi madzi osefukira pa ntchito zake zoteteza madzi. Mu 2009 jaji yemweyo anapeza a Corps olakwa pa nkhani ina, ya ngalande ya sitima zapamadzi imene anailekerera mpaka inadya madambo oteteza mzinda, koma khoti la apilo linafafaniza chigamulocho mu 2012. Amene anaimikidwa m'khoti chifukwa cha anthu omira anali mwamuna ndi mkazi wake, eni nyumba yosungira okalamba ya St. Rita's, m'mene munafera anthu 35 chifukwa sanawasamutse. Khoti linawapeza osalakwa mu 2007. Apolisi amene anawombera anthu opanda zida pa mlatho wa Danziger, n'kupha awiri, anamangidwa patapita zaka. Nagin anasankhidwanso mu 2006, ndipo ndende anailowa mu 2014 pa mlandu wa ziphuphu, osati wa mabasi aja. Blanco sanaimenso pa chisankho cha 2007. Injiniya amene anayankhapo mlandu wa makomawo m'khoti palibe.

Mlongo wako ali pafupi ndi choonadi kuposa iwe, ngakhale sindimuuza, angatukumuke. Pamene akuphonya ndi pakuti akangoti "boma" amaima pomwepo. Mlandu ukakhala wa boma lonse, mawa lake umakhala wopanda mwini, chifukwa aliyense m'bomamo ali ndi womuloza: wam'munsi akuti sanandilamule, wapamwamba akuti sanandiuze, wa chaka chino akuti anamanga ndi a chaka chija. Ine ndimafuna dzina, tsiku ndi pepala. Ndani analandira uthenga, anaulandira liti, anali ndi mphamvu yochita chiyani, ndipo anachita chiyani?

Ukafunsa motero umapezanso amene anachita bwino. Asilikali olondera nyanja, a Coast Guard, anasamutsiratu ndege ndi maboti awo namondwe asanafike, ndipo mphepo itangotsika anabwerera n'kuyamba kunyamula anthu pa madenga osadikira kalata yochokera kwa wina aliyense. Anapulumutsa anthu oposa 33,000. Analinso a boma lomwelo, olipidwa ndi misonkho yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwawoko woyendetsa helikopita amaloledwa kuganiza yekha akaona munthu akumira. Asodzi ndi eni maboti a m'midzi ya Louisiana nawo anabwera okha. Ndipo Lachisanu lija, mkulu wa asilikali Russel Honoré atalowa mumzinda, anayamba ndi kukalipira asilikali ndi apolisi kuti atsitse mfuti, poti anthu amene ankawalozetsa mfutiwo anali anjala chabe. Mphekesera za kuphana ndi kugwiririrana ku Superdome, zimene Nagin ndi mkulu wa apolisi anazifalitsa okha pa TV, zambiri zinadzapezeka kuti zinali zabodza, koma zinali zitaopseza kale madalaivala ndi opulumutsa anthu. Pa mlatho wopita ku tauni ya Gretna apolisi anabweza anthu othawa wapansi, ambiri mwa iwo akuda, powombera m'mwamba.

Pali mlandu wina umene umatuluka nthawi zonse, ndipo ndi wotchipa kuposa yonse: wa omwalirawo. Ku America ankafunsa kuti bwanji sanathawe. Kwathu kuno mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche, tinamva ena akufunsa kuti ankamangiranji m'phiri. Funsolo lili ndi malo ake, koma wofunsayo ayambe wanena kumene munthu wa ganyu akanapeza puloti ina, ndiponso amene ankaona nyumbazo zikukwera phiri chaka ndi chaka ali ndi mphamvu yoletsa kapena yopereka malo ena. Gogo wa zaka 80 wopanda galimoto, wodikira ndalama ya boma ya pa 1, sanasankhe kumira.

Pambuyo pake America inathira ndalama zoposa madola 14 biliyoni pomanganso chitetezo cha New Orleans: zitsulo zakuya, zitseko zotsekera pakamwa pa ngalande, mapampu atsopano. Pa 29 Ogasiti 2021, tsiku lomwelo patatha zaka 16, namondwe wa Ida anagunda Louisiana ndi mphepo yamphamvu kuposa imene Katrina anafika nayo. Magetsi anazima mumzinda monse, madera a kunja kwa makoma anamira, koma makoma a mzindawo anaima. Nzeru yomangira khoma lotere inalipo kale 2005 isanafike.

Ife ndalama zoterozo tilibe, ndipo khoma limene uzikayang'anira mwina ndi la dothi ndi miyala yomangidwa m'mawaya. Koma pepala lovomereza kuti ntchito yatha bwino ndi lomwelo, ndipo pansi pake pazikhala dzina lako. Kontilakitala adzakuuza kuti mvula yayandikira, tisachedwe ndi zoyeza dothi. Bwana wako adzakuuza kuti opereka ndalama akufuna lipoti Lachisanu. Mwina adzakutengera ku nkhomaliro musanafike n'komwe kumapeto kwa khoma. Tsika m'galimoto, uyende wapansi mpaka kumapeto. Zimene wakana kusainira uzilembe, ndi chifukwa chake, usunge kope yako kunyumba. Ndipo a mfumu kapena mayi wina wa m'mudzi akadzakuuza kuti kuseri kwa khoma kukutuluka madzi pomwe kale kunali kouma, ulembe m'buku tsiku ndi malo, upite ukaone wekha sabata yomweyo, ndipo ukatumiza uthengawo kwa oyenera uziimba foni mpaka wina avomere kuti waulandira.

Ukapeza tchuthi ubwere, mayi ako akusungira mtedza. Nsapato za m'matope ugule zenizeni, osati zija unabwera nazo ulendo watha.

Ndine bambo ako.